Aiko: Mbili Yobisika m'Dzina Lalifupi

Ngati mumakonda kuonelela anime, mwina munamvapo dzina lakuti Aiko. M'Cijapanizi, "ai" ndi cikondi ndipo "ko" ndi mwana. Conco Aiko ndi mwana wa cikondi, dzina losasiyana kwenikweni ndi Cikondi wa kuno kwathu.

Koma kamawu aka "ko" kayenda ulendo wautali. Poyamba kanali kupezeka m'maina a amuna olemekezeka. Mwacitsanzo, Ono no Imoko, amene anatumidwa ku China mu 607, anali mwamuna. M'nyengo ya Heian, imene inayamba mu 794, "ko" anakhala cizindikilo ca akazi a ku nyumba yacifumu. Mwana wa mlimi sanali kupatsidwa dzina lotelo kawilikawili.

Zinthu zinasintha pambuyo pa 1868, pamene boma la Meiji linayamba kuthetsa magulu akale osiyanitsa anthu. Makolo wamba anayamba kucha ana awo Hanako kapena Kazuko, kuti naonso amveke aulemu. Pofika m'ma 1940, maina amenewa anali ponseponse. Masiku ano ambili amawaona monga maina a agogo, ndipo amasankha ena monga Sakura.

Banja lacifumu silinasiye mwambowu. Mwana mmodzi yekha wa Mfumu Naruhito, wobadwa pa 1 December 2001, ndi Aiko. Anthu ambili amamukonda, koma lamulo la mu 1947 limalola amuna okha kukhala pampando wacifumu. Funso lakuti Aiko angalowe ufumu likali kugawanitsa anthu ku Japan.