Timikanda ta m'kolugeti

Kwathu kuno mankhwala aliwonse otsukira mano timangoti kolugeti, ngakhale pa chubu patalembedwa dzina la kampani ina. Mswachi nawo uli ndi mbiri yake: mawuwa anatifika kuchokera ku Chiarabu kudzera ku Chiswahili, ndipo poyamba ankatanthauza kamtengo kamene munthu amatafuna kunsonga mpaka kalekana ngati ubweya. Dzina silinasinthe, koma kamtengo kaja kanalowedwa m'malo ndi chogwirira cha polypropylene ndi ubweya wa nayiloni. M'mawa ndi madzulo timaika pulasitiki m'kamwa, n'kumakhula nayo mano ndi mphamvu, koma mawu athu satikumbutsa zimenezi. Mawu a asayansi ndi amene amatikumbutsa, kungoti nawonso amasocheretsa munthu akawamva mwapatalipatali.

Oyamba ndi microplastic. Anawatchukitsa ndi Richard Thompson wa ku yunivesite ya Plymouth ku England, mu 2004, atapeza tinyenyeswa ta pulasitiki mu mchenga wa m'mbali mwa nyanja. Lero akatswiri ambiri amati microplastic ndi kachidutswa kalikonse ka pulasitiki kosafika mamilimita 5. Malire amenewa ndi otakata kwambiri. Kachidutswa kotalika ngati njere ya mpunga kali m'gulumo, ndipo kena kosaoneka ndi maso kalinso momwemo. Tochepa kwambiri amatiyeza m'ma micron, mawu amene Amalawi tinawazolowera pa mkangano wa majumbo, boma litaletsa mu 2015 mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60. Milimita imodzi mukaigawa ka 1,000, gawo limodzilo ndiye micron. Kakachepera micron imodzi amakatcha nanoplastic. Munthu akati m'chinthu muli ma microplastic osatchula msinkhu wake, ali ngati wonena kuti m'munda mwalowa nyama, osanena ngati ndi mbewa kapena njovu.

Mawu amene anachititsa manyazi makampani a mankhwala a mano ndi microbead, timikanda ta polyethylene, pulasitiki yomweyi ya jumbo. Mu 2014 mayi wina wogwira ntchito yotsuka anthu mano ku Texas anaulula kuti ankapeza timadontho tabuluu titakanirira m'mphepete mwa nkhama za odwala ake. Atafufuza anapeza kuti tinkachokera m'mitundu ina ya mankhwala a Crest. Chimene chimandidabwitsa mpaka pano n'chakuti timikandato sitinkatsuka dzino ngakhale limodzi. Anatiikamo kuti mankhwala azioneka okongola pa mswachi, basi. Kampani ya Procter & Gamble, mwini wa Crest, inanena kuti n'tosavulaza, koma inalonjeza kutichotsa pofika mu Malichi 2016. Kenako malamulo anabwera motsatizana: Barack Obama anasaina Microbead-Free Waters Act mu Disembala 2015, Britain inaletsa mu 2018, ndipo European Union inakhwimitsa lamulo lake mu 2023. Taonani dzina la lamulo la ku America lija. Likunena za madzi. Nkhawa yaikulu ya opanga malamulo inali nsomba za m'nyanja za Great Lakes, chifukwa timikandato tikalavulidwa tinkatha kudutsa m'malo osefera madzi a m'zimbudzi n'kukathera m'nyanja.

Apa m'pamene ambiri anapumira, n'kumati nkhani yatha. Koma lamulo linagwira mawu amodzi okha. Akatswiri amagawa tinyenyeswati pawiri. Pali topangidwa dala tili tating'ono, timene amati primary, monga timikanda tija. Pali tina tonyenyeka kuchokera ku chinthu chachikulu, timene amati secondary. Toyambato n'tosavuta kuletsa, popeza pali munthu amene amatithira mumphika ku fakitale. Tachiwirito palibe amatithira. Timabadwa pamene chinthu chikuperepeseka.

M'kamwa muli zoperepeseka zambiri. Ubweya wa nayiloni unayamba kuikidwa pa mswachi mu 1938, pamene kampani ya DuPont inapereka ulusi wake m'malo mwa ubweya wa nguluwe. Yang'anani mswachi umene watha miyezi isanu ndi umodzi: ubweya wapindika, nsonga zatha. Zimene zathazo sizinauluke. Zina zinapita ndi thovu, zina ndi malovu. Ulusi wochotsera nyama pakati pa mano, umene m'masitolo amalemba kuti floss, umakhala wa nayiloni kapena wa PTFE, yomwe ija imapakidwa m'mapoto osamatirira. Mano oikirira a agogo ndi a acrylic. Phala loyera lomatira dzino lobooka nalonso ndi utomoni wa pulasitiki wosakaniza ndi fumbi la galasi.

Wofuna kuwerenga chubu asachite mantha ndi dzina lililonse lalitali. Polyethylene, polypropylene, nylon ndi polymethyl methacrylate ndiwo mapulasitiki. Hydrated silica si pulasitiki, ndi m'bale wake wa mchenga. Calcium carbonate ndi m'bale wake wa choko. Ziwirizi ndizo zimakhula dzino, ndipo m'pake kuti mukazimve ngati timchenga pa lilime.

Tsopano ku thanzi, kumene mawu amafunika kuwagwira mosamala ngati dzira. Mu 2022 ofufuza a ku Vrije Universiteit ku Amsterdam anapeza pulasitiki m'magazi a anthu 17 mwa 22 amene anawayeza. Mu 2024 Raffaele Marfella ndi anzake ku Naples anafalitsa zotsatira za odwala 257 amene anawachotsa mafuta otseka mtsempha wa m'khosi. Oposa theka anapezeka ndi polyethylene m'mafutamo, ndipo pa miyezi pafupifupi 34 yotsatira, chiopsezo chawo chodwala mtima, kugwa sitiroko kapena kumwalira chinali chokulirapo kuposa kanayi poyerekeza ndi cha anzawo amene sanapezeke nayo. Ziwerengero zoterezi zimaimitsa tsitsi. Komabe ofufuzawo ananena okha kuti apeza zinthu ziwiri zikuyendera limodzi, osati kuti atsimikiza kuti china chikubala chinzake. Khwangwala akapezeka pamaliro sitinena kuti ndiye wapha munthu. Ndiponso kafukufuku ameneyu sanaloze mswachi. Pulasitiki imalowa m'thupi ndi madzi akumwa, chakudya ndi fumbi la m'nyumba, ndipo ikafika m'magazi sinyamula chiphaso chosonyeza kwawo.

Madokotala ali ndi mawu awiri amene ife timawaphatikiza m'mawu amodzi akuti kuopsa: hazard ndi risk. Ng'ona ya mu Shire ndi yoopsa kwa wina aliyense, imeneyo ndi hazard. Koma mayi wotunga madzi ku Chikwawa tsiku ndi tsiku ndi munthu wokhala pamwamba pa phiri la Dedza sali pa chiopsezo chofanana, imeneyo ndi risk. Chimasiyanitsa ndi kuchuluka kwa chimene chalowa, nthawi imene chakhala, ndi msinkhu wake. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2019 kuti tizidutswa toposa ma micron 150 sitingalowe mosavuta m'thupi kudzera m'matumbo. Timatuluka ndi chimbudzi. Maso a ofufuza ali pa tochepetsetsa tija, timene m'zoyeserera za mu labotale taoneka kuti timatha kuboola malire a maselo n'kuyambitsa kutupa, komanso pa mankhwala amene pulasitiki imanyamula, monga bisphenol A ndi ma phthalate, amene amasokoneza mahomoni.

Ine mantha anga ali pena. Ndamvapo anthu akuti bola kubwerera ku makala ndi phulusa. Makala amakhula chikuto cholimba cha dzino, ndipo chikatha sichimeranso. Mulibenso fluoride, amene amateteza mano kuti asabooke. Matenda a m'kamwa akuvutitsa anthu pafupifupi 3.5 biliyoni padziko lonse, malinga ndi lipoti la WHO la 2022, ndipo dzino lowawa usiku silifunsa ma micron. Zochepetsa pulasitiki yolowa m'mimba n'zomwe madokotala a mano akhala akunena kalekale pa zifukwa zina: mswachi usinthidwe pakatha miyezi itatu kapena inayi, usakanikizidwe ngati tikukwecha mphika, thovu lilavulidwe. Mwana wosafika zaka zisanu ndi chimodzi amameza zambiri mwa zimene mwamuikira, choncho amuikire mankhwala osaposa njere ya nsawawa, ndipo wamkulu aime pomwepo, chifukwa akangotembenuka mwanayo ayamba kutafuna ubweya wa mswachi ngati nzimbe.