Kusiya mawu

Wopita kumunda amasiya mawu kwa mnansi kuti mlendo akabwera adikire. Koma tikati "malemu anasiya mawu", tikunena zolemera kuposa pamenepo: zimene munthu walamula ali kumapeto kwa moyo, zokhudza minda, ziweto ndi ana otsala.

Ku Chitipa, kwa Alambya, Andali ndi Asukwa, mtundu umatsata kuchimuna ndipo malo amayenda kuchoka kwa bambo kupita kwa ana aamuna. Kale mkulu akaona kuti matenda amufooketsa, ankaitanitsa abale ake ndi ana pamphasa pomwe wagona. Ankatchula munda uliwonse ndi malire ake: wamawere kuyambira pachulu mpaka kumtsinje ndi wa uje, wanthochi kuseri kwa nyumba adyeko mayi wa ana. Pepala panalibe. Mphamvu ya mawuwo inali mwa amene anamva ndi makutu awo, ndipo maliro akatha ankawabwereza pamaso pa banja ndi mfumu. Kuwasintha kunali kuputa mzimu wa malemu.

Vuto linkabuka mboni zikamwalira kapena zikakondera, ndipo ovutika kawirikawiri anali amayi amasiye ndi ana aakazi. N'chifukwa chake lamulo la chuma chamasiye la 2011 limafuna kuti wilu ilembedwe ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri, komanso limati kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Mwini munda wakhofi ku Misuku lero asiye mawu pakamwa, awasiyenso papepala.