ANGANGA KU CHILUMBA CHA MOZAMBIQUE

Pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti chaka cha 2023, bambo anga anatiuza kuti ndalama zimene anakhala akusunga kwa zaka zitatu zakwana, choncho tipita kukaona nyanja ya mchere. Tinanyamuka ku Nancholi m'bandakucha anthu asanu pa galimoto yobwereka kwa amalume: bambo, mayi, ine, mng'ono wanga ndi anganga, amene poyamba anakana, amvekere za maulendo n'za ana. Ine ndinali nditangotsiriza chaka choyamba kuno ku koleji, ndipo ndinanyamula kope ndi cholembera poganiza kuti pa ulendowu mphunzitsi wa banja lonse ndikhala ine.

Tinadzera ku Thyolo ndi ku Mulanje, n'kuwoloka malire pa Muloza kuloŵa ku Milange. Kumeneko Chichewa chathu chinkamveka bwino lomwe. Koma titapitirira Mocuba zinthu zinasintha. Chingerezi cha bambo chinasanduka chopanda ntchito, ndipo mawu a Chipwitikizi amene ndinaloŵeza anatha tisanagule ngakhale nthochi. Pa msika wa Alto Molócuè anganga anatsika m'galimoto, nayamba kucheza ndi mayi wogulitsa chinangwa m'Chilomwe, chiyankhulo chimene kwathu amachiyankhula pokhapokha akapsa mtima kapena akakumana ndi nkhalamba zinzawo pa maliro. Ndivomere pano kuti ife adzukulu tinkawaseka akamachiyankhula. Tsiku limenelo ndi iwo amene anatipezera chakudya, malo ogona ndi njira ya ku Nampula.

Makolo a anganga anachokera dera lomweli, kufupi ndi phiri la Namuli. Malire amene tinadindirapo mapasipoti anaikidwa ndi pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891, ndipo kuyambira zaka zimenezo mpaka m'ma 1930 Alomwe ambirimbiri anawoloka kudza ku Nyasaland pothaŵa msonkho, chikoti ndi chibalo. Kuno anapeza thangata m'minda ya azungu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, napatsidwanso dzina lonyoza lija lakuti Anguru, limene Lewis Bandawe ndi anzake analimbana nalo m'zaka za m'ma 1940. Nkosadabwitsa kuti ambiri analeka kuphunzitsa ana awo chiyankhulo chawo.

Tsiku lachitatu tinafika pa gombe, tinawoloka mlatho wopapatiza wotalika makilomita oposa atatu, n'kuloŵa pa chilumba chimene chinapereka dzina ku dziko lonse la Mozambique. Vasco da Gama anakocheza pano mu 1498, napeza mudzi wa amalonda Achisilamu wokhala ndi mfumu yake. Apwitikizi atalanda malowa anamanga kachalichi ka Nossa Senhora de Baluarte mu 1522, kamene kakali chiimire pa nsonga ya chilumba. Linga la São Sebastião analiyamba mu 1558, ndipo linalimba kotero kuti Adatchi atalizinga mu 1607 ndi 1608 anabwerera chimanjamanja. Chilumbachi chinali likulu la Apwitikizi m'dzikomo mpaka 1898, pamene ulamuliro unasamukira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero. Mu 1991 bungwe la UNESCO linachiika pa mndandanda wa malo osungidwa a dziko lonse lapansi.

Zonsezi ndinazifotokozera banja langa monyadira tikuyenda pamwamba pa lingalo pakati pa mizinga yadzimbiri. Anganga anamvetsera, kenaka anagwira khoma nati, "Iwe mwana wasukulu, miyala yonseyi anasenza ndani?" Ndinasoŵa choyankha. Maina a akazembe ndinali nawo m'kope, koma a osenza miyala ndinalibe. Madzulo tinakayenda ku mbali ya kummwera kwa chilumba kumene amakutcha Makuti, kumene kumakhala anthu wamba ambiri. Nyumba za kumeneko zili m'chidikha, munsi mwa msewu, chifukwa ndi mmene munakumbidwa miyala yomangira mzinda wa azungu kumpoto.

Awerengi ena angafunse kuti kodi zimenezi zikutikhudza bwanji ife a ku Malaŵi, dziko lopanda gombe. Mbiri imene tinaphunzira ku sekondale imayamba ndi Maravi, n'kudumphira kwa David Livingstone mu 1859, ngati kuti pakati ponsepo makolo athu anali chikhalire kudikira mlendo. Chikhalirecho mu 1667 wansembe Manuel Barreto analemba kuti ulamuliro wa Kalonga unkafika mpaka kufupi ndi gombe limeneli. M'zaka za m'ma 1700 amalonda Achiyao, amene Apwitikizi ankawatcha Mujao, ankatsika chaka ndi chaka kuchokera kufupi ndi nyanja yathu atasenza minyanga ya njovu kupita ku Mossuril, tsidya lina la chilumba, n'kubwerako ndi nsalu ndi mikanda. Edward Alpers anafotokoza malonda ameneŵa m'buku lake la 1975 lotchedwa Ivory and Slaves in East Central Africa. Pamene minda ya nzimbe ya ku Mauritius, Réunion ndi Brazil inafuna antchito, njira yomweyo ya minyanga inayamba kutsitsa anthu.

Chombo chimodzi mbiri yake ikudziŵika bwino. São José chinanyamuka pa chilumbachi mu Disembala 1794 kupita ku Maranhão ku Brazil, chitanyamula akapolo oposa 500. Pa 27 mwezi womwewo chinasweka pa miyala kufupi ndi Cape Town. Anthu oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa komweko. Zotsalira za chombocho zinalengezedwa mu 2015, ndipo dothi la ku Mossuril linatengedwa kukamwazidwa pa madzi pamene chinamirira. Pa chilumba pali kamunda kachikumbutso, Jardim da Memória, pa malo pamene ankasungira akapolo, ndipo khomo lake lina limatulukira ku nyanja. Mng'ono wanga anafuna kujambulitsa pakhomopo akuseka, koma mayi anamuletsa.

Masiku aŵiri otsiriza tinakakhala ku Chocas Mar, gombe la mchenga woyera kufupi ndi Mossuril. Kunena zoona tinasangalala. Bambo, amene sanasambirepo ngakhale ku Mangochi, analoŵa m'madzi mpaka m'chiuno, nalaŵa kuti atsimikize za mcherewo. Tinadya nsomba zophika ndi nkaka wa kokonati. Anganga okha sanavule nsapato. Anakhala pansi pa mtengo ndi amayi Achimakuwa odzola mussiro, ufa woyera wa mtengo, kumaso kwawo. Chimakuwa ndi Chilomwe n'zapachibale, choncho ankamvana, pena mobwereza, pena ndi manja. Madzulo anandiitana nati, "Amayi aja akuti ine ndine wa kumapiri. Amayi anga ankanena kuti anthu akale akatengedwa kupita kotulukira dzuŵa sankabweranso. Lero ndaona kumene ankathera. Ine ndafikako, ndipo maŵa ndibwerera kwathu."

Sindinganene kuti kholo langa lina linadutsa pa khomo lija, kapena kuti linali pakati pa ogwidwa osati ogwira, pakuti malonda amenewo anali ndi manja ambiri ndipo ena mwa manjawo anali a anthu akuda. Chimene ndinaona n'chakuti msewu umene tinayenda masiku atatu pa galimoto anthu a kuno anauyenda pansi kwa zaka mazana angapo malire asanalembedwe, ndipo umboni wake tinali nawo m'nyumba mwathu ku Nancholi, ife n'kumauseka. Mawu a akulu amakoma akagonera.

Kope lija ndinabwera nalo lodzaza theka ndi zaka ndi maina a Apwitikizi. Theka linalo ndikulembamo tsopano pa tchuthi chilichonse, nditakhala pa khonde ndi anganga: maina a midzi, mitsinje imene makolo awo anawoloka, ndi mawu a Chilomwe amene amandiwongolera katchulidwe kake mosatopa. Anzanga a mu bwalo lino la alembi amene muli ndi agogo amoyo, afunseni msanga kumene anachokera ndi njira imene anadzera.