Khansa ya m'mapapo: momwe achipatala amaipezera ndi thandizo lomwe amapereka

Mwakhala mukutsokomola kwa milungu ingapo, mwamwa mankhwala, koma chifuwa sichikusiya? Nthawi zambiri vutoli limakhala TB kapena chibayo, koma lingathenso kukhala khansa ya m'mapapo. Padziko lonse, khansa imeneyi ndi yomwe imapha anthu ambiri kuposa khansa ina iliyonse. Malinga ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 2.5 miliyoni anapezeka nayo ndipo pafupifupi 1.8 miliyoni anamwalira.

Imayamba bwanji?

Kusuta fodya, kaya ndudu za m'sitolo kapena chingambwe, ndiye gwero lalikulu: mwa odwala 100, pafupifupi 85 amadwala chifukwa cha fodya. Utsi wa fodya wa mnzanu, fumbi la m'migodi, asbestos ndi mpweya woipa zimawonjezeranso chiopsezo. Choncho ngakhale amene sanasutepo akhoza kudwala.

Zizindikiro zoyenera kuthamangira nazo kuchipatala

Izi ndi chifuwa chosatha, kutsokomola magazi, kupweteka pachifuwa, kubanika, kusasa mawu, kuwonda popanda chifukwa chodziwika, ndi chibayo chobwerabwera.

Zizindikirozi zimafanana kwambiri ndi za TB, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amatayira nthawi. Ngati makhololo anu ayezedwa ndipo TB sinapezeke, kapena mwamwa mankhwala a TB mokhulupirika kwa miyezi iwiri koma simukupeza bwino, bwererani kuchipatala. Musasiye mankhwala mwa nokha. Fotokozani kuti palibe kusintha, ndipo funsani ngati pakufunika kuyezanso zina. Munthu angathenso kudwala TB ndi khansa nthawi imodzi.

Kuyeza kumayenda motani?

Ulendo umayambira pachipatala chaching'ono cha kwanu. Akaona kuti vuto ndi lalikulu, amakutumizani kuchipatala cha boma, kenako kuzipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba. Musaiwale buku lanu la kuchipatala ndi zithunzi zonse zomwe anakujambulani kale.

Poyamba amajambula pachifuwa ndi X-ray. Akaona mthunzi wokayikitsa, amagwiritsa ntchito makina a CT scan omwe amaonetsa kukula kwa chotupa ndi malo omwe chili. Koma chithunzi pachokha sichitsimikiza kuti ndi khansa. Madokotala amayenera kutapa kanyama kakang'ono pachotupacho n'kukaunika kulabotale. Amatero polowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera m'mphuno kapena pakamwa, kapena pobaya singano pachifuwa atachititsa dzanzi pamalopo. Ngati m'chifuwa mwadzaza madzi, amapopa madziwo n'kuwayeza. Musanachoke, funsani tsiku lodzamva zotsatira.

Zotsatirazo zimasonyeza mtundu wa khansa. Mtundu wa non-small cell ndi womwe umapezeka mwa odwala ambiri, pomwe wa small cell umafalikira msanga. Madokotala amaonanso pomwe matenda afika, kuyambira gawo 1, pamene chotupa chili m'phapo mokha, mpaka gawo 4, pamene khansa yafalikira kwina monga ku mafupa, chiwindi kapena ubongo.

Thandizo lomwe lilipo

Opaleshoni imathandiza khansa ikapezeka msanga. Phapo lakumanja lili ndi zigawo zitatu, lakumanzere ziwiri, ndipo madokotala amatha kuchotsa chigawo chomwe chili ndi chotupa, munthu n'kupitiriza kupuma ndi zotsalazo.

Chemotherapy ndi mankhwala opha maselo a khansa. Kawirikawiri amaperekedwa kudzera mudiripi pakatha milungu itatu kapena inayi iliyonse. Angayambitse nseru, kufooka, kuthothoka tsitsi komanso kuchepetsa chitetezo cha m'thupi. Mukatentha thupi muli pa mankhwalawa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Radiotherapy ndi kuwotcha chotupa ndi cheza champhamvu cha makina. Pamene makina akugwira ntchito simumva kupweteka. Aliponso mankhwala atsopano olimbana ndi mitundu ina ya khansayi, koma ndi okwera mtengo kwambiri. Ku Lilongwe, pafupi ndi Kamuzu Central, kuli chipatala cha National Cancer Centre chothandiza odwala khansa.

Khansa ikafika posachiritsika, thandizo silithera pomwepo. Achipatala amapereka mankhwala ochepetsa ululu monga morphine wakumwa, amachotsa madzi m'chifuwa kuti muzipuma bwino, ndipo amalangiza achibale za kasamalidwe ka wodwala kunyumba. Chipatala cha Queen Elizabeth chili ndi kiliniki ya Tiyanjane yogwira ntchito imeneyi.

Zoti muchite

Khansa siyopatsirana, choncho wodwala asasalidwe. Pokaonana ndi dokotala, tengani wachibale wokuthandizani kukumbukira zomwe zanenedwa. Funsani mtundu wa khansa, gawo lomwe yafika ndi cholinga cha mankhwalawo. Ngati mukumwa mankhwala azitsamba, auzeni achipatala. Ndipo ngati mumasuta, siyani lero: ngakhale mutapezeka kale ndi matendawa, kusiya fodya kumathandiza kuti thandizo ligwire bwino ntchito.