Eni ake a Kampani ya Niassa anali ndani?

Tikamalemba pa bolodi mau akuti "dziko lathu", tizikumbuka kuti inalipo nthawi imene Niassa ndi Cabo Delgado zinali katundu wa kampani. Mu 1891 boma la Apwitikizi, posowa ndalama zolamulira dera la pakati pa mitsinje ya Rovuma ndi Lúrio, linalibwereketsa kwa Companhia do Niassa. Dzina linali la Cipwitikizi, koma eni ndalama anali kwina. Mu 1897 masheya anagulidwa ndi Angelezi a Ibo Syndicate, mu 1908 ndi Nyassa Consolidated, ya cuma ca migodi ya ku South Africa, ndipo pofika 1914 gawo lalikulu linali la mabanki a ku Germany. Nkhondo itabuka, boma la Britain linalanda masheyawo. Dziko linasintha manja kangapo, makolo athu osamvako n'komwe.

Nanga kampaniyo inkadya ciani? Inalonjeza njanji yocokera ku Porto Amélia, Pemba wa lero, kufika ku nyanja, koma sinaimange. Phindu lake linali anthu. Asipayi ankatolera msonkho wa nyumba, wolephera kulipira ankagwidwa cibalo, ndipo kuyambira 1903 mpaka 1913 amuna ankatumizidwa ku migodi ya ku Joni kudzera mwa WENELA, kampani n'kumalandirapo ndalama. Midzi yambiri inathawira ku Nyasaland ndi ku Tanganyika. Enafe abale athu ali kutsidyako mpaka lero. Boma la Lisboa linakana kuonjezera pangano, kampani n'kucoka mu 1929.

Ufulu wa 1975 sunathetse zonse. Pa damu la Cahora Bassa ku Songo, Portugal anakhalabe ndi magawo 82 pa 100, ife 18 cabe. Pa 27 Novembala 2007 m'pamene Moçambique anatenga magawo 85, atalipira madola 700 miliyoni. Kuombola cinthu cili pa mtsinje wako womwe!

Lamulo la 2011 la mapulojekiti akuluakulu linati magawo 5 mpaka 20 pa 100 azisungidwira nzika za dziko lino. Ena amati n'zocepa. Ena amaopa kuti tikakhwimitsa kwambiri, alendo adzapita ndi ndalama zao, nchito n'kutha. Mfundo ziwirizi mukambirane m'makalasi mwanu, ndipo citsanzo cili pafupi: mu 2022 mgodi wa malasha wa ku Moatize unacoka kwa Vale wa ku Brazil kupita kwa Vulcan wa Amwenye.