Niger itabera zaka, ife tinapita ku Nigeria

Kwathu kwa Dzoole mwezi wa Malichi ndi wa fodya. Anthu amaswera m'zigafa, ena kusoka ena kupachika, manja ali bii. Mu Malichi wa 2009 ine ndinali kamwana kotumidwa madzi akumwa, ndipo chomwe ndimakumbukira bwino ndi wailesi ya amalume yomwe inkakolekedwa pa msomali wa mzati wa chigafa, mabatire ake omangidwa ndi mphira. Tsiku lina nkhani zamasewero zitatha, amalume anaseka mpaka kukhala pansi. "Mphwanga, wamva? Anyamata athu anatuluka dzulo, lero akuti alowanso." Sindinamvetse. Kwa ine timu ikatuluka ndiye kuti yatuluka, monga zinkakhalira pabwalo lathu la chikulunga. Nkhaniyi ndinadzaimvetsa ndili kale kuno ku yunivesite.

Chaka chimenecho mpikisano wa mayiko a mu Africa wa anyamata osapitirira zaka 17 unachitikira ku Algeria. Matimu anali 8 okha, ndipo Malawi inali m'gulu limodzi ndi Burkina Faso, Niger ndi Zimbabwe. Masewero a m'gulu atatha, Malawi inali pa nambala yachitatu, kutanthauza kuti inayenera kulongedza zikwama. Kenako bungwe la CAF linachotsa Niger mumpikisanomo chifukwa cha mlandu wobera zaka, malo ake n'kupatsidwa kwa ife. Mu semifainolo Gambia inatigonjetsa, polimbirana nambala yachitatu Burkina Faso inatigonjetsanso, ndipo chikho chinapita ku Gambia itaswa eni bwalo a Algeria 3-1. Koma lamulo linali loti matimu anayi ofika mu semifainolo apite ku World Cup ya msinkhuwu. Umu ndi momwe Malawi inapezekera koyamba pa World Cup ya mpira wamiyendo, mphunzitsi wake ali John Kaputa.

Ku Nigeria, mu Okutobala ndi Novembala chaka chomwecho, tinagonja masewero onse atatu: 2-0 ndi United Arab Emirates, 1-0 ndi America, 4-1 ndi Spain. Chigoli chathu chokhacho anagoletsa ndi Luke Milanzi. Nditapeza mndandanda wa timu ya Spain ija ndinakhala kaye chete. Munali Isco, Koke ndi Álvaro Morata. Mumpikisano womwewo Brazil inabwera ndi Neymar, ndipo Switzerland, yomwe inatenga chikho pogonjetsa Nigeria 1-0, inali ndi Granit Xhaka. Anyamata ochokera m'mabwalo afumbi ngati athuwa anaima mzere umodzi ndi anthu amenewa. Ena mwa athu anapitako ndithu patsogolo: Milanzi anakafika ku TP Mazembe ya ku Congo, Robin Ngalande anakalowa m'timu ya achisodzera ya Atlético Madrid. Koma tikafunsana m'kalasi za mpira wa m'zaka zimenezo, aliyense amathamangira ku Angola, Januwale 2010, pamene Flames ya Kinnah Phiri inathira Algeria 3-0. Za 2009 amazitchula ndi ochepa, ndipo ndikuganiza kuti china chomwe chimatimanga pakamwa ndi njira yomwe tinalowera.

Kubera zaka sikunayambe ndi Niger. Nigeria inatenga chikho choyamba cha dziko lonse cha osapitirira zaka 16 ku China mu 1985, koma mu 1989 FIFA inailetsa kwa zaka ziwiri m'mipikisano ya achinyamata, masiku obadwira a osewera ake ena atapezeka kuti akusiyana m'mapepala, ndipo inalandidwa mwayi wochititsa mpikisano wa osapitirira zaka 20 wa mu 1991. Pamene CAF inkayamba kusonkhanitsa matimu a msinkhu wa 17 m'dziko limodzi, ku Mali mu 1995, kukayikirana kunali kutamera kale mizu. Pofika 2009 FIFA inasiya kudalira mapepala okha, n'kuyamba kujambula osewera ndi makina a MRI. Amajambula pamfundo ya dzanja, pomwe fupa la mkono limathera. Mwana akamakula pamalopo pamakhala kachichereŵechereŵe komwe kamalola fupa kutalika; kakatsekeka konse, madokotala amati n'zokayikitsa kwambiri kuti munthuyo sanadutse zaka 17. Makinawa akhala akugwetsa anthu mpaka posachedwapa. Mu Novembala 2020 mayiko anayi, Botswana, Comoros, Eswatini ndi Zimbabwe, anachotsedwa mumpikisano wa COSAFA chifukwa cha zotsatira zake, ndipo kumapeto kwa 2022 osewera 21 mwa 30 omwe Cameroon inaitana kumsasa analephera.

N'chapafupi kuwerenga zimenezi n'kumapukusa mutu kuti anthu ndi akuba. Ine ndimalephera, chifukwa nanenso ndili ndi zaka zamitundu iwiri.

Amayi amati ndinabadwa chaka cha njala, 2002, chimanga chisanakhwime. Tsiku lenileni linalembedwa m'kabuku ka kusikelo, komwe chiswe chinadya pamodzi ndi katoni yonse. Nditalephera kusankhidwa kupita kusekondale, ndinabwereza Sitandade 8, ndipo mkulu wina wofuna kundithandiza anauza amayi kuti polembetsanso adule zaka ziwiri kuti ndisaoneke wamkulu. Anadula. Kuyambira pamenepo pepala lililonse latsopano linkakopera lakale, mpaka chiphaso changa cha unzika. Palibe anadya ndalama, palibe ankaganiza za mpira. Komabe ndikanakhala waluso pa mpira, pa zaka 18 ndikanatha kuvala yunifolomu ya osapitirira zaka 17 mapepala anga onse ali oyera, n'kutenga malo a mwana weniweni wa zaka 16 wa mudzi woyandikana nawo. Anzanga angapo omwe akuwerenga pano akudziwa kuti nkhaniyi ndi yawonso. Ena mpaka dzina anasintha.

Mbiri ya mapepala m'dziko muno imafotokoza zambiri. Lamulo la atsamunda la mu 1904 lolembetsa obadwa ndi omwalira linkakakamiza anthu omwe sanali Aafirika. Mwana wa kwa Dzoole boma silinkasamala tsiku lomwe wabadwa, linkamufuna akakula kufika popereka msonkho. Lamulo limenelo linadutsa ufulu wa 1964, linadutsa ndi 1994 yemwe, lili chikhalire. Lamulo latsopano la kalembera wa dziko linabwera mu 2010, linayamba kugwira ntchito mu 2015, ndipo kalembera wamkulu wa ziphaso zaunzika, yemwe analemba anthu oposa 9 miliyoni, anachitika mu 2017. Tsono werengerani: anyamata omwe anapita ku Algeria anabadwa cha m'ma 1992 ndi 1993, nthawi yomwe umboni wa zaka za mwana wakumudzi unali kabuku ka kusikelo, khadi la ubatizo, kaundula wa pasukulu, kapena mutu wa agogo. Sindikuwaloza chala anyamata a Kaputa. Ndikungonena kuti mpikisano womwe maziko ake ndi tsiku lobadwa unafika m'mayiko momwe tsikulo silinali chinthu chosungidwa ndi boma, ndipo pomwe palibe kaundula, woona mtima ndi wachinyengo amaoneka chimodzimodzi.

N'chifukwa chake MRI sindiiombera m'manja kwambiri, ngakhale ndimavomereza kuti inathandiza. Matupi sakula mofanana, ndipo mwana woona akhoza kubwezedwa chifukwa fupa lake linafulumira, pamene wamkulu wina adutsa chifukwa lake linachedwa. Imagwiranso pa msinkhu wa 17 wokha. Pa zaka 20 mafupa a onse amakhala atatsekeka, ndiye tabwereranso ku pasipoti. Ndipo makinawo amakumana ndi mwana kumapeto kwa ulendo, atasankhidwa kale. Kusankha kwenikweni kumachitikira kumayambiriro, pamasewero a sukulu za m'zoni imodzi, pomwe mnyamata wandevu wolembedwa zaka 14 amagwetsa tiana ndi phewa, aphunzitsi n'kumati ameneyu ndiye dolo. Kamwana kaluso kaja kamakhala panja kusunga malaya a anzake, ndipo pofika chaka chomwe thupi lake likanakhwima kamakhala katasiya kale mpira. Mwana wa ku Spain wa zaka 12 amapikisana ndi a zaka 12 anzake, dzina lake lili m'kaundula wa ligi chaka ndi chaka. Kusiyana kwa 4-1 kuja, mwa kuona kwanga, kunayambira pamenepo.

Pa holide yapitayi ndinawafunsa amalume ngati akukumbukira tsiku lija la m'chigafa. Akukumbukira, mpaka dzina la Milanzi. Nditawafotokozera za makina ojambula dzanja, anatambasula mkono wawo, kuutembenuza uku ndi uku, kenako anandiyang'ana.

"Nanga iwe, mphwanga, atakujambula angakupeze wa chaka chiti?"

Ndinati, "Cha njala, amalume."

Amayi, omwe ankasenda mtedza pakhonde, anati komatu ku yunivesiteko ndisakanene.