Nyuzipepala Yakale ya Abaptisti a ku Georgia

Abaptisti alibe bishopu kapena sinodi wolamulira mipingo yao yonse. Mpingo uli wonse umadziweruza wokha. Nanga anthu omwazikana cotere akadamva bwanji za anzao, kapena kusonkhera pamodzi ndarama za nchito imodzi? Ku America cingwe cina cimene cinawamanga pamodzi cinali nyuzipepala.

Luther Rice anapita ku India m'caka ca 1812, monganso Adoniram Judson, ndipo atafika kumeneko onse awiri anabatizidwa nasanduka Abaptisti. Rice anabwerera kwao mu 1813 kukapempha thandizo la amishoni, nayendayenda m'mipingo zaka zambiri. Koma munthu mmodzi sangafike m'midzi yonse. Motero pa 2 February 1822, mu mzinda wa Washington, anayambitsa The Columbian Star, kuti izifalitsa nkhani za amishoni ndi za Columbian College, sukulu imene iye anathandiza kukhazikitsa.

Sukuluyo itamira m'ngongole, nyuzipepala inasamukira ku Philadelphia mu 1827, m'manja mwa W. T. Brantly, amene pambuyo pace anaicha The Christian Index. Mu 1833 Jesse Mercer anaitengera ku Georgia. Kumeneko inapeza nkhondo yeniyeni, pakuti Abaptisti ena anali kukana mabungwe a amishoni, Sande sukulu ndi kuphunzitsa abusa, nanena kuti zimenezi sizinalembedwe m'Baibulo. Mercer anawayankha moleza mtima m'masamba ace, sabata ndi sabata, ndipo sukulu imene inachedwa ndi dzina lace inatsegulidwa ku Penfield caka comweco. Mu 1840 anapereka nyuzipepalayo kwa msonkhano waukulu wa Abaptisti a ku Georgia, nileka kukhala cuma ca munthu mmodzi.

Pamenepo pali cobvuta cimene mphunzitsi sayenera kubisira ana ace. Nyuzipepala ya mpingo imalankhula zimene eni ace afuna kumva, ndipo eni a Index ambiri anali osunga akapolo. Pamene Abaptisti a kumwera anapatukana ndi a kumpoto mu 1845, pa mlandu wakuti wosunga akapolo angatumidwe kukhala mmishoni kapena iai, msonkhano wao unacitikira ku Augusta, m'Georgia momwemo. Index inaima nao, ndipo masamba amene anapemphera ndarama zakulalikira kwa anthu akutali anaikira kumbuyo ukapolo wa anthu akuda okhala pakhomo pao.